Mphika ndi Thabwa la Nyama: Kuyesa Gome la ku Turkey

Dzina la dziko la Turkey lalowa m'nyumba zathu kudzera pa makomo angapo. Ena analimva koyamba pa Idi ya nsembe, pamene mabungwe a kumeneko amabwera kudzazinga ng'ombe ndi kugawa nyama m'midzi ina ya kuno. Ena analidziwira pa sewero la pa kanema la Diriliş: Ertuğrul, limene linayamba kuonetsedwa mu 2014 n'kutha mu 2019, ndipo ena pa masuti ndi madiresi amene amalonda amakapikula ku Laleli, mumzinda wa Istanbul. Masiku ano lalowanso pa khomo la pakamwa. Abale athu a ku Joni akalandira malipiro, kapena akafuna kulemekeza mkulu wochokera kumudzi, amamutengera ku lesitilanti ya anthu a ku Turkey, ndipo chithunzi chimafika pa foni zathu tisanaswali Isha: thabwa lalitali ngati nkhafi, nyama yootcha itaunjikidwa kuchokera nsonga iyi kufikira iyo, ozungulira gome onse akumwetulira.

Thabwa limeneli ndilo ndikufuna kuliika pa sikelo. Ndadyapo pa magome a anthu a ku Turkey kwawo komwe ndiponso ku Johannesburg, ndipo chigamulo changa ndichinene poyambirira. Luso lawo lootcha nyama ndi lenileni, loyenera kulipatsa ulemu. Koma thabwa lodzaza nyama ndi mboni yofooka kwambiri ya khichini ya dzikolo, chifukwa ubwino wake waukulu uli mumphika, m'ndiwo zotsika mtengo zimene sizijambulidwa kawirikawiri. Ndipo Msilamu amene waona mbendera ya mwezi ndi nyenyezi pakhoma n'kuganiza kuti palibenso chofunsa, wafulumira.

Nyumba zodyera sizifanana

Ku Turkey dzina la nyumba yodyera limaneneratu chimene munthu akapezemo. Lokanta ndi nyumba ya miphika, yophika zakudya za tsiku ndi tsiku. Kebapçı ndi nyumba ya nyama yootcha, ndipo mtundu wake wina, ocakbaşı, uli ndi ng'anjo yaitali ya makala pakati, odya n'kukhala moizungulira kuti aziona mmisiri akugwira ntchito. Pideci amaphika buledi wophwatalala wokhala ngati bwato, wothiramo tchizi kapena nyama yogaya. Çorbacı amagulitsa msuzi wokhawokha, kawirikawiri mpaka mbandakucha. Muhallebici ndi wa zotsekemera za mkaka. Ndiye pali meyhane, nyumba ya zakumwa zoledzeretsa, imene tidzabwererako. M'nyumba iliyonse muli usta, ndiye kuti mmisiri, munthu amene wathera zaka zambiri pa ntchito imodzi yokha, monga mmene wosema bwato sakhala yemweyo wosoka chilimila.

Zakudyazi zikatuluka kunja kwa dzikolo, nyumba zonsezi zimapanikizidwa pansi pa denga limodzi, ndipo ng'anjo ya makala ndiyo imapambana. Chifukwa chake china ndi cha mbiri. Mu 1961 dziko la Turkey linagwirizana ndi West Germany zotumiza anthu kukagwira ntchito m'mafakitale, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ena mwa iwo anayamba kugulitsa döner, nyama yosanjikiza pa chitsulo choimirira chimene chimazungulira pafupi ndi moto, ataiika m'buledi kuti munthu adye akuyenda. Umu ndi mmene dziko lapansi linayambira kuganiza kuti chakudya cha ku Turkey ndi kebab basi. Chifukwa china ndi cha malonda. Nyama yootcha imadikira mufiriji mpaka wogula atafika, pamene mphika wa nyemba umaphikidwa m'mawa ndipo uyenera kutha tsiku lomwelo. Mphika umafuna makasitomala a tsiku ndi tsiku. Mwini lesitilanti amene amadalira alendo a Loweruka madzulo angauike pamoto bwanji?

Ngakhale mu Istanbul momwemo, kebab wa tsabola ndi mlendo ndithu. Anafalikira ndi anthu ochokera kummwera chakum'mawa kwa dzikolo, ku Adana, Urfa ndi Gaziantep, amene anasamukira mumzindawo mwaunyinji kuyambira cha m'ma 1950. Eni mzinda akale ankanyadira nsomba, masamba ophika ndi mafuta a azitona, ndi mpunga.

Chimene ng'anjo imakhoza

Tisanadzudzule, tiyamike choyenera kuyamika. Mukakhala pansi m'nyumba ya kebab yodziwa ntchito yake, choyamba kufika ndi buledi wotentha, wofufuma ndi nthunzi ngati chikhodzodzo, pamodzi ndi timbale ting'onoting'ono totchedwa meze. Pali ezme, tomato ndi tsabola ndi anyezi zoduladula bwino lomwe. Pali haydari, yogati wolimba ngati chambiko chokhetsa madzi, wothira adyo. Pali mabiringano ootcha pamoto n'kusinja, onunkhira utsi. Timbale timeneti timasonyeza msanga ngati m'khichini muli manja kapena muli zitini. Ezme wa lero amakhala wowala ndi wowawasa pang'ono. Wadzulo amatuluka madzi n'kuda.

Kebab wa ku Adana ndi ntchito ya mmisiri weniweni. Nyama yake ndi ya nkhosa, yosakaniza ndi mafuta a kumchira, ndipo siilowa m'makina: amaiduladula pamanja ndi chimpeni chokhota chotchedwa zırh, kuti isasanduke phala. Amathira mchere ndi tsabola wofiira, osaonjeza zambiri, kenaka amaimata ndi zala pa chitsulo chophwatalala. Ikakhala pa makala mafuta amayamba kudontha, ndipo mmisiri amatenga buledi n'kumapsinja nyamayo kuti mafutawo alowe m'buledi m'malo mopsereza nyama ndi lawi. Pambali pake pamabwera anyezi wosakaniza ndi sumak, ufa wofiirira wowawasa umene umadula mafuta m'kamwa. Wa ku Urfa ndi chimodzimodzi, kungoti alibe ukali wa tsabola. Chinsinsi chake chonse ndi nthawi: kebab ameneyu amakoma pa mphindi zochepa zoyambirira, mafuta asanagwirane.

İskender kebab, wa mumzinda wa Bursa, anatenga dzina la İskender Efendi, amene anayamba kumuphika m'zaka za m'ma 1800. Tizidutswa topyapyala ta döner timayalidwa pamwamba pa buledi woduladula, amathirapo msuzi wa tomato, yogati pambali, ndipo woperekera zakudya amabwera ndi chiwaya cha batala wotentha n'kumuthira pomwepo odya akuona. Ichi ndi chionetsero, komabe chili ndi ntchito yake, pakuti batala wozizira sangalowerere m'buledi. Kumapeto kuli künefe, timaulusi ta ufa wa tirigu tokutira tchizi wosalowa mchere, todziwika kwambiri ku Antakya, ndi baklava wa ku Gaziantep, amene mu 2013 bungwe la European Union linateteza dzina lake kuti asamatchulidwe choncho wopangidwa kwina. Baklava wabwino amalira pang'ono foloko ikalowa. Akakhala chete, ndiye kuti wamira m'manyuchi.

Mlandu wa thabwa

Tsono thabwa lija limaononga zonsezi nthawi imodzi. Pa mndandanda wa zakudya limatchedwa karışık, kutanthauza zosakaniza: Adana, nkhuku, nthiti za nkhosa, mapiko, timipira ta nyama yogaya, zonse pamwamba pa mulu wa mpunga kapena tchipisi. Nyama izi sizipsa nthawi imodzi, choncho yoyamba kupsa imadikira inzake. Pofika pagome, yapansi yanyowa ndi nthunzi, yapamwamba yauma, ndipo mafuta a nkhosa alowa m'nkhuku mwakuti wotseka maso sangasiyanitse. Ntchito ya zırh ija yapita pachabe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thabwa limakomera kamera kuposa lilime.

Mlandu wachiwiri ndi wolemera kuposa woyambawu. Madzulo ena ndinadya m'lesitilanti ina ya kumpoto kwa Johannesburg, imene dzina lake silofunika pano chifukwa zimene ndinaonazo si zake yokha. Pagome loyandikana nafe panali banja la anthu asanu ndi mmodzi. Buledi ndi meze zinali zitawakhutitsa kale pamene thabwa limafika. Anajambula, analawa apa ndi apo, ndipo pafupifupi theka linabwerera. Amene analinyamula kubwerera nalo kukhichini anali mnyamata wa kwathu; ndinamuzindikira ndi Chiyao chimene amalankhula ndi mnzake. Sindinafunse za kwawo, koma tonse tikudziwa makomo amene nyama ya nkhosa imaonekera pa Idi pokha. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-A'raf ndime 31, imaika chilolezo cha kudya ndi chiletso cha kuononga m'ndime imodzi, ngati mapasa osalekanitsidwa. Nyama ikhoza kuzingidwa moyenera n'kukhala halaal kwathunthu, koma mbale yokonzedwa mwadala kuti ipose mimba za odya imakankhira munthu ku israaf asanatambasule n'komwe dzanja.

Mchitidwe umenewu uli ndi mphunzitsi wake wotchuka. Mu January 2017 kanema wamfupi wa Nusret Gökçe, wogulitsa nyama wobadwira m'chigawo cha Erzurum, akuwaza mchere modutsitsa pa mkono, anafalikira pa intaneti dziko lonse, ndipo anapatsidwa dzina loti Salt Bae. Nthambi ya lesitilanti yake imene inatsegulidwa ku London mu 2021 inatchuka ndi nyama yokutidwa ndi timasamba ta golide. Golide alibe kukoma kulikonse m'kamwa. Chimene wogula amalipira ndicho kuonedwa akulipira. Malesitilanti ambiri aang'ono alibe golide, koma anatengera mzimu wake: malawi, malupanga, utsi wotsekeredwa m'galasi. Kumene chionetsero chachuluka, ndi bwino kuyang'anitsitsa mpunga, chifukwa kawirikawiri ndiwo umaiwalika.

Nyumba ya miphika

Amene anadyapo mmemo ndi anzake a pantchito adzaimvetsa msanga esnaf lokantası, nyumba yodyera amisiri ndi amalonda a mumsika. Simuyembekezera mndandanda. Mumapita pa kauntala ya galasi pamene miphika ndi mathireyi zandandalikidwa, n'kuloza ndi chala. Choyamba ndi mercimek çorbası, msuzi wa mphodza zofiira wosalala, umene mumafinyiramo ndimu. Kenaka kuru fasulye, nyemba zoyera zophika pang'onopang'ono ndi batala, anyezi ndi tomato mpaka zitafewa osaphulika khungu. Pambali pake pilav, mpunga umene njere iliyonse imaima payokha, muyeso womwewo umene amayi a ku Nkhotakota amayesera nawo mkamwini wophika pilau. Pali karnıyarık, biringano long'amba pamimba n'kuikamo nyama yogaya pang'ono. Pali bamya, therere lobala laling'ono lophika ndi ndimu kuti lisanande, chinthu chimene mwana wa kuno angadabwe nacho. Pali gulu lonse la masamba ophika ndi mafuta a azitona, zeytinyağlı, amene amadyedwa atazizira.

M'nyumba imeneyi nyama imagwira ntchito ngati nsinjiro m'ndiwo zamasamba: imakometsa, siilamulira. Ndipo muli liwu limodzi limene ndimalilemekeza kuposa zokometsera zonse: az, kutanthauza pang'ono. Munthu amaitanitsa az kuru, az pilav, theka la mbale ya nyemba ndi theka la mbale ya mpunga, n'kulipira mocheperapo, popanda manyazi alionse. Khichini imene ili ndi liwu lovomerezeka lofunsira zochepa imadziwa kusiyana kwa njala ndi dyera.

Nyumba zina zoterezi zakhala zaka zambirimbiri. Kanaat, ya ku Üsküdar kutsidya la Asia la mzinda wa Istanbul, inayamba mu 1933. Hacı Abdullah, ya ku Beyoğlu, imawerenga zaka zake kuchokera mu 1888. Ku Kadıköy, wophika Musa Dağdeviren wathera moyo wake akuyendera midzi ya ku Anatolia kutolera maphikidwe amene anali pafupi kuiwalika, ndi kuwabweza pagome m'nyumba yake yotchedwa Çiya. Zambiri mwa nyumba zakale zili ndi aile salonu, chipinda cha mabanja, kumene amayi ndi ana amadyera momasuka kutali ndi phokoso la amuna a mumsika, chinthu chimene makomo athu angachiyamikire.

Lokanta nayo ili ndi zofooka zake, ndipo wodzudzula thabwa ayenera kuzinena. Chakudya chimakhala pa nthunzi kuyambira masana, choncho wofika dzuwa litapendeka amapeza masamba atafooka ndi mpunga utauma m'mphepete. Ophika aulesi amathira tomato wa m'chitini ndi mafuta ochuluka m'miphika yonse, mpaka nyemba, therere ndi mbatata zimveke chimodzimodzi. Koma zolakwa izi ndi za ulesi wa munthu, pamene cholakwa cha thabwa chili m'mapangidwe ake enieniwo.

Mphika umenewu uli ndi makolo ake. Mu ufumu wa Ottoman, mizikiti ikuluikulu inkamangidwa pamodzi ndi madrasa, chipatala ndi imaret, khichini yodyetsa ophunzira, apaulendo ndi osauka kwaulere ndi chuma cha waqf. Hürrem Sultan, mkazi wa Sultan Süleyman, anakhazikitsa imaret ku Jerusalem mu 1552 yodyetsa anthu pafupifupi 500 kawiri pa tsiku, ndipo chakudya chake chachikulu chinali msuzi ndi buledi. Mzikiti wa Süleymaniye ku Istanbul, umene Mimar Sinan anaumanga pakati pa 1550 ndi 1557, unalinso ndi imaret yake. Nyumbayo inasanduka yosungiramo zinthu zakale mu 1914, ndipo pambuyo pake inakhalapo lesitilanti ya olipira. Koma tsidya la msewu, m'timashopu takale ta mzikiti womwewo, mpaka lero muli ogulitsa nyemba ndi mpunga, ndipo ophunzira, onyamula katundu ndi alendo amadyera pa magome oyandikana. Wofuna kudziwa chimene ufumu uja unkadyetsa anthu ake ayambire pamenepo. Mwambo wa askıda ekmek, wolipiriratu buledi woonjezera kuti wosowa adzamutenge osaonana ndi wopereka, ndi mphukira ya mtengo womwewo.

Nanga nsomba zili kuti?

Munthu wa kunyanja akatsegula mndandanda wa lesitilanti ya ku Turkey ya kunja, chimene chimamudabwitsa ndi kusowa kwa nsomba. Dzikolo lazunguliridwa ndi madzi mbali zitatu, ndipo anthu a m'mphepete mwa Black Sea, ku Trabzon ndi ku Rize, amadya mofanana nafe kuposa mmene thabwa lingatiuzire. Nsomba yawo yokondedwa ndi hamsi, kansomba kakang'ono kasiliva koyenda m'magulu, kamene mukakaona m'dengu mungati ndi usipa. Kamagwidwa kwambiri nyengo yozizira. Amakagubuduza mu ufa wa chimanga, n'kukandandalika m'chiwaya mozungulira, n'kukakazinga mbali zonse ziwiri. Amakaphikanso ndi mpunga, hamsili pilav. Chigawo chomwecho chimadya buledi wa chimanga, masamba okhala ngati repu otchedwa karalahana, ndi kuymak, ufa wa chimanga wotakasa ndi batala ndi tchizi. Chimanga, masamba ndi kansomba kakang'ono: gome limeneli silingamusowetse mtendere munthu wa ku Makanjira.

Nkhawa zawo nazonso tingazimve. Boma limaletsa zombo zikuluzikulu kupha nsomba kuyambira pakati pa April kufikira kumayambiriro kwa September kuti nsomba ziswane, monga mmene nyanja yathu imatsekedwera. Ndipo balık ekmek, nsomba ya m'buledi imene alendo amaikonda pa doko la Eminönü, masiku ano kawirikawiri imapangidwa ndi nsomba yoitanitsa ku Norway. Ife amene taona chambo chikusowa pa msika wa pafupi ndi nyanja yake yomwe sitifunika kutanthauziridwa. Lesitilanti imene imabisa mbali yonseyi ya dziko lake imanamiza wodya kuti anthu a ku Turkey amadya nkhosa m'mawa ndi madzulo, pamene ambiri a iwo, monga ife, amawerenga ndalama asanagule nyama.

Safunsa anadya phula

Tibwerere tsopano ku meyhane. Anthu ochuluka kwambiri a ku Turkey ndi Asilamu, koma boma limene linakhazikitsidwa mu 1923 silitsata chipembedzo: mawu oti Chisilamu ndi chipembedzo cha boma anachotsedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1928. Mowa ndi wololedwa, ndipo pali chakumwa chawochawo chaukali, rakı, chotcheza kuchokera ku mphesa, chimene chimayera ngati mkaka chikathiridwa madzi. Timbale ta meze timene tayamika tija tinakulira pambali pa chakumwa chimenechi. Timbaleto tilibe mlandu, koma tikudziwitseni kuti lesitilanti ya ku Turkey yogulitsa mowa si yachilendo kapena yosokera. Ikutsata mwambo wina wa dziko lomwelo. Eni ake amasiyanitsa poyera ndi mawu awiri: içkili, ya zakumwa, ndi içkisiz, yopanda zakumwa. Hacı Abdullah ija, mwachitsanzo, ndi yopanda mowa.

Mkati mwa Turkey nkhumba ndi yosowa kwambiri m'nyumba zodyera, ndipo nyama ya m'misika imazingidwa ndi Asilamu. Kunja kwa dzikolo zinthu zimasintha. Mwini lesitilanti wa ku Johannesburg kapena ku London amagula nyama kwa ogulitsa a komweko, ndipo mbendera ya pakhoma sinena kanthu za mpeni umene unagwira ntchito. Ku South Africa kuli mabungwe oyendera ndi kupereka ziphaso za halaal, monga SANHA, NIHT ndi nthambi ya halaal ya Muslim Judicial Council, monga mmene kuno tilili ndi nthambi ya halaal ya Muslim Association of Malawi. Kupempha kuona chiphaso, kufunsa kumene nyama imachokera ndi ngati vinyo amalowa m'maphikidwe ena, si mwano. Nyumba yoona mtima imayankha mosavuta. Abale amene amaswali ku mzikiti wa Nizamiye ku Midrand, umene unatsegulidwa mu 2012 motengera mamangidwe a Selimiye wa ku Edirne, amadziwa kuti kudya pafupi ndi mzikiti kumapeputsa mafunso ena. Kwina konse funso ndi udindo wa wodyayo.

Pali tinthu tina tiwiri timene tingadzidzimutse mlendo. Potuluka, woperekera zakudya angakuthireni m'manja kolonya, madzi onunkhira ndimu amene ali ndi spiriti wambiri. Ndi chizindikiro cha ulemu, ndipo Asilamu ambiri a kumeneko saona vuto chifukwa si chakumwa. Ma ulama amasiyana maganizo pa zonunkhiritsa zotere, choncho amene mtima wake sukumasuka aike dzanja pachifuwa n'kuthokoza, palibe amene angakhumudwe. China ndi boza, chakumwa cholimba cha nyengo yozizira chopangidwa ndi mapira osasitsa pang'ono, chimene nyumba ya Vefa yakhala ikugulitsa ku Istanbul kuyambira mu 1876. Aliyense wodziwa kusiyana kwa thobwa la lero ndi thobwa logonera masiku akudziwa kale funso loyenera kufunsa pamenepa.

Tiyi wa kumapeto

Chakudya chikatha pamabwera tiyi m'kagalasi kakang'ono kowonda m'chiuno, wofiira, wopanda mkaka. Amamuphika m'maketulo awiri osanjikiza: wapamwamba muli masamba, wapansi madzi owira, kuti aliyense asankhe ukali umene akufuna. Tiyi ameneyu amalimidwa ku Rize, kumene fakitale yoyamba inatsegulidwa mu 1947, patapita zaka zambiri minda ya ku Mulanje ndi ku Thyolo itakhazikika kale. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amamwa okha pafupifupi tiyi yense amene amalima, pamene wathu wochuluka amakwera sitima. M'nyumba zambiri zodyera tiyi wa kumapetoyu ndi ikram, mawu a Chiarabu amene tonse timawadziwa: ulemu woperekedwa kwa mlendo, wosalembedwa pa bilu. Ine ndimayesa lesitilanti ndi kagalasi kameneka. Imene imawaza mchere mwamatama koma n'kulipiritsa tiyi yasunga zovala za mwambo n'kutaya mwambowo.

Tsono banja limene lasunga ndalama zake kuti likadye ku lesitilanti ya ku Turkey lichite chiyani? Lifunse za nyama lisanakhale pansi. Liyambe ndi msuzi wa mphodza, chifukwa khichini yolephera msuzi umenewu singakhoze china. Lifunse ngati pali mphika wa tsikulo, nyemba, therere kapena mabiringano, ndipo ngati ulipo liutenge, pakuti mwini lesitilanti amaphika chimene anthu amafunsa, ndipo mphika sudzabwerera pamoto ngati tonse tiloza thabwa. Litenge meze ziwiri kapena zitatu, ndi mtundu umodzi wa kebab, wobwera wotentha kuti onse agawane nthawi yomweyo. Ukachepa, ng'anjo ikadali yoyaka, aitanitsenso. Chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala. Zotsala azikulungitse apite nazo, poti kunyamula chakudya chimene walipira si umphawi, ndipo panjira sipasowa wochilandira.

Eni ake ali ndi mawu awiri a pagome oyenera kuwaphunzira. Wophika kapena woperekera amati afiyet olsun, kukufunirani kuti chakudyacho chikhale thanzi m'thupi mwanu, ndipo liwu loyambalo ndi aafiya yemweyo amene timapempha m'maduwa athu. Wodya amayankha kuti elinize sağlık, kufunira thanzi manja amene aphika. Mawu amenewa sanenedwa kwa mwini nyumba kapena kwa wovina ndi mpeni pagome. Amapita kwa munthu amene sanaoneke, amene ananyika nyemba usiku wathawo ndi kudzuka m'mamawa kudzaziika pamoto. M'malesitilanti ambiri a ku Joni, ena mwa manja amene amasenda anyezi, kukanda ufa ndi kutsuka miphika ndi a ana a ku Mangochi ndi ku Machinga. Mukadya bwino, pemphani woperekera zakudya akawafikitsire mawuwo kukhichini.